Kanjira Kothera Pamtengo

Anthu ankamutcha Wandege, ngakhale ndege yakeyo inali kadroni kokwana m'chikwama. Iye ndi mnzake, amene ankamuti Wamizere, anatsegula kampani yojambula mapu m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya matayala. Wandege ankaulutsa kadroniko, Wamizere n'kumatsata zithunzizo pakompyuta, kulemba nyumba, misewu ndi ngalande.

Ntchito yawo yoyamba yooneka inali yosonyeza nyumba zimene zingamire mtsinje ukasefukira. Mapu atatuluka, nyumba ya amayi ake a Wandege inagwera pakati penipeni pa malo ofiira osonyeza ngozi. Mvula inali pafupi, koma amayiwo anakana kwamtuwagalu kusamuka.

"Bwalo lino ndinayamba kusesa iwe usanamere mano. Kandege kakoko kadziwa chiyani?"

Wandege ananyengerera, anakalipa, mapeto ake anasiya kupitako. Zinkamuwawa, koma makani naye anayamwira komweko.

Tsiku lina masana Wamizere anamuitana uku akukanda m'mutu.

"Asisi, tabwerani. Kompyuta ikuti ndalakwitsa. Njira iliyonse imayenera kukumana ndi inzake, koma kanjira aka kakuchoka pakhomo n'kuthera pamtengo. Ndikafufute?"

Wandege anawerama n'kukulitsa chithunzicho. Denga analizindikira msanga: lata limodzi lowala pakati pa adzimbiri, lomwe bambo ake anakhoma chaka chimene anamwalira. Kanjirako kanali mbee pakati pa udzu, kolunjika pamtengo wa mapeyala. M'mphepete mwa mthunzi munkaoneka kadontho. Unali mpando wa bambo ake.

Udzu sunama. Kuti uthe chonchi pamafunika phazi la tsiku ndi tsiku. Amayi omwe aja, amene pamaliro sanagwetse msozi ana akuona, amene ankangoti "ndili bwino, usandivute", ankapita tsiku lililonse kukakhala pambali pa mpando wopanda munthu. Iye n'kumawalalikira za mamita a madzi, osadziwa chimene chinawamanga miyendo! Manyazi ndi chisoni zinamugwira pamodzi.

"Usafufute," anatero. "Undisindikizire."

Atafika kwa amayi ake, anawapeza akuyanika zovala.

"Wabweranso ndi zofiira zako zija?"

"Ayi, amayi. Tangoonani."

Amayi anapukuta manja, anavala magalasi, n'kuyang'ana pepalalo nthawi yaitali. Chala chawo chinkayenda pakanjirako, kuchoka pakhomo kukafika pamtengo.

"Ha! Mwayamba kutisuzumira ndi kumwamba komwe? Munthu alibenso pobisala."

Anaseka, koma kusekako kunathera m'misozi.

"Ndikachoka, bambo akowa atsala ndi ndani? Ukudziwa sankakonda kukhala okha."

Wandege anawagwira dzanja, lidakali lozizira ndi madzi ochapira.

"Tiwatenga, amayi. Mpando uyambe kukwera galimoto, katundu wina pambuyo. Kwanga kuli bwalo."

"Mthunzi uliko?"

"Kuli kamtengo. Kakukula."

"Kamtengo!" Amayi anapukusa mutu. "Munthu wake wodandaula ndi dzuwa uja? Basi, ndiziwasuntha."

Anasamuka sabata yomweyo, mpando uli patsogolo, womangidwa bwino ndi chingwe cha zovala. Mvula itakula, madzi anafika m'mawindo a nyumba yakaleyo. Amayi atamva sananene kuti mapu ananena zoona. Anangomuonjezera mwana wawo shuga mu tiyi.

Dzinja litatha, Wandege anayesera batire latsopano la kadroni pabwalo la kunyumba kwake, zithunzizo n'kupita nazo ku ofesi. Wamizere atazitsegula anamwetulira.

"Asisi, kanjira kenanso kosafika kulikonse."

Kanalipodi, kuchoka pakhomo la kuseri kukafika pakamtengo. Kanali kotakata kuposa kakale kaja, poti tsopano ankayendamo awiri.

"Kakufika," anatero Wandege. "Kalembe."