Tabuleti Yokulungidwa M'chitenje

Miyezi iwiri inatha tabuleti ya mayi Belita ili m'sutikesi, yokulungidwa m'chitenje ngati mbale za alendo. Iwo anali mlangizi wa zaumoyo kufupi ndi Chiringa, ndipo kwa zaka makumi awiri ankalemba m'kaundula ana olandira katemera. Tsopano kuntchito analamula kuti aliyense azilemba mu pulogalamu yatsopano ya pa tabuleti. Aa, mayi Belita zimenezo toto!

Tsiku lina a Jonathan, oyang'anira alangizi, anafika pa njinga.

"Mayi, dera lanu lokha ndilo silikuonetsa mwana ngakhale mmodzi. Kodi tabuleti yawonongeka?"

"Iwonongeke bwanji ndisanaiyatse n'komwe? Ine ndimaopa, bambo. Ndikadina polakwika n'kufufuta zonse, anzanga adzandiseka. Kaundula wangayu sanandinamizepo."

A Jonathan sanakalipe. Anakhala pamkeka n'kutsegula kaundulayo. "Nanga Tikondane uyu, bwanji sanalandire katemera wachiwiri wa chikuku?"

Nkhope ya mayi Belita inagwa. Makolo a mwanayo anali atasamukira ku madoko a ku Chilwa kukachita za nsomba, ndipo kumeneko kunkamveka kuti ana ayamba kudwala chikuku. "Ndamufunafuna milungu itatu," anatero. "Mtima ukundiwawa. Mwana ameneyu ndinamuyeza pasikelo ali wakhanda."

"Kaundula sangapalase njinga mpaka kunyanja," anatero a Jonathan. "Koma mukamulemba m'tabuleti muja, a Fyness, mlangizi wa kumeneko, aliona dzina lake. Tiyeni tiyambe ndi iyeyu basi."

Mayi Belita anatulutsa tabuleti ija m'chitenje n'kuyamba kudina, abale. Analakwitsa kawiri.

"Mwaona? Palibe chaphulika. Dinani apa, mukonze."

Mayi Belita anaseka mpaka misozi. Asanachoke, a Jonathan analonjeza kumabwera Lachitatu lililonse mpaka mayiwo atazolowera.

Lachisanu foni inalira. Anali a Fyness. "Amayi, Tikondane wanu ndamupeza pathandala loyanikira matemba. Wabayidwa, ali bwinobwino!"

Mayi Belita analulutira okha pabwalo.

Wantchito akamakana chida chatsopano, kawirikawiri si ulesi ayi, ndi mantha. Musamuwopseze. Mufunseni chimene akuopa, khalani naye pansi, ndipo yambani ndi vuto limene likumusowetsa mtendere. Lero mayi Belita ndiwo akuphunzitsa anzawo, ndipo chitenje chija anachichapa, akuvala.