Lumo la Apongozi

Pa Boma la Phalombe aliyense ankadziwa kuti Fletcher ndi katswiri wometa. Koma ukatswiri wake wonse unali wa makina a magetsi. Lumo lenileni, lija lopinda ngati mpeni, anali asanaligwirepo chibadwire, ndipo kwa apongozi ake ku Kaduya nkhaniyi sanaitchulepo. Akanaitchula bwanji, pamene ulemu wonse umene mkamwiniyu ankalandira pakhomopo unali wa dzina loti mmisiri?

Ndiye a Sitima, bambo a mkazi wake Belita, anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linafa, tsaya la mbali yomweyo osamvanso kanthu, ndevu n'kungowirira. Loweruka lina, Fletcher ndi Belita ali komweko, uthenga unafika woti abusa ndi akulu a mpingo akubwera kudzawapatsa mgonero. Magetsi kunyumbako kulibe.

"Anthu a Mulungu asandipeze chonchi," anatero a Sitima, mawu akutuluka mokoka. "Belita, patsa amuna ako lumo langa. Mmisiri tili naye pompano."

Apa munthu wanzeru akanangoti, bambo, ichi sindichidziwa. Koma safunsa anadya phula. Fletcher analandira lumolo ndi manja awiri, n'kulinola pa lamba mwamatama ndithu. Anawakhazika pakhonde, nawapaka thovu la sopo. Munthu amene sankayang'ana apongozi ake m'maso, lero anali atawagwira chibwano.

Anayambira tsaya lakufalo. Lumo analiimika chilili, n'kukanikiza monga amachitira ndi makina. Thovu linafiira pomwepo. Fletcher anaimitsa lumo, kudikira kuti akuluwo abuule. Iwo sanagwedezeke n'komwe.

"Dzanja lopepuka ili," anatero a Sitima, maso ali chitsinzinire. "Sindikumva kanthu."

Chochititsa manyazi n'chakuti anapitiriza. Ataona kuti mbaliyo siimva, anaisandutsa poyesera: apa kugoneka lumo pang'ono, apo kukoka khungu ndi chala, apo kutema ndithu. Pofika ku tsaya lamoyo dzanja linali litaphunzira, ndipo lumo linangoyenda myaa, osasiya ngakhale kachilonda. Belita anabweretsa kansalu ndi madzi amchere. Anayang'ana nkhope ya bambo ake, kenako mwamuna wake, n'kumupatsira kansaluko. Bola akanamukalipira.

Fletcher anapukuta magazi mofulumira. Pamene ankapinda kansalu kaja kuti akabise, anapeza a Sitima atatsegula maso, akukayang'ana. Nthawi yomweyo alendo anatulukira pabwalo.

Atapatsana moni, a Goodman, mkulu wa mpingo wosadziwa kusunga mawu, anasuzumira pafupi. "Kodi achimwene, mwalimbana ndi mphaka? Ndani wakusemani chonchi, chikhalirecho muli ndi mkamwini wa babashopu?"

Anthu onse anatembenukira kwa Fletcher, amene anali chiimire ndi beseni m'manja.

"Ndadzimeta ndekha, ndi dzanja lamanzere," anatero a Sitima pang'onopang'ono. "Mwanayu anandiletsa, ine makani. Mbali yabwinoyi ndiye wameta iyeyu. Taonani kusalala kwake."

A Goodman anaona, nayamikira ntchitoyo. Abusa anatsegula buku la nyimbo. Fletcher anazemba n'kukataya madzi ofiira aja kuseri kwa nyumba, ndipo kumeneko anamva apongozi ake, amene anawanamiza abusa chifukwa cha iye, akuitanidwa kuti alandire mgonero.