Maina Anayi Pakhonde la Chipatala

Ndinafika ku Mpika masana, thiraki nditaisiya ku Nakonde. Mkazi wanga Nsofwa anali atachira m'mawa. Mwana sanalire.

Namwino anandifotokozera ali chiimire. Mwana anachita chimbudzi akadali m'mimba, n'kukokera madzi akudawo m'mapapo. Anamupopa, namuika timachubu ta mpweya m'mphuno. Tisachotsedwe. Asamwetsedwe kanthu.

"Ndipo alipo amene anamwetsa mayiyu mankhwala ofulumizitsa kubereka," anatero, maso ali pa Bana Chomba, azakhali a Nsofwa.

Bana Chomba maso awo anali pa ine. Anandikokera pakhonde.

"Akamwini, mwana sabanika popanda chifukwa. Mumayenda ndi ndani m'misewu yanuyo?"

"Ndi thiraki, mayi."

"Thiraki imavala chitenje? Tchulani maina. Mukakana, ndikamuchotsa zingwezo ndimudonthezere aka."

Anandionetsa kabotolo ka mankhwala achikuda komangidwa pamfundo ya chitenje.

Ndinasuzumira m'wodi. Namwino mmodzi, makanda khumi ndi awiri. Sangaone zonse. Kachifuwa ka mwana wanga kankaphapha ngati ka mwanapiye.

"Khalani pansi, mayi. Ndinena."

Ndinapeka. Rehema wa ku Tunduma, wokazinga tchipisi. Iwo anafuna zonse: liti, kuti, kangati. Pa dzina lililonse ankathyola kamuzu, n'kuponya m'kapu ya madzi, ine n'kumwa. Ndinkapereka dzina limodzi patsiku, nkhani yake n'kuikoka mpaka dzuwa kupendeka. Akangodzuka kuti alowe m'wodi, ndinkakumbukira china.

Tsiku lachinayi namwino anachotsa timachubu. Mwana anapuma yekha. Anayamwa.

"Mwaonatu," anatero Bana Chomba, akupukuta kapu yawo. "Mukanauma mutu, bwenzi pano tili kumanda."

Nditapeza mpata ndinakhala m'mphepete mwa bedi la Nsofwa.

"Onse aja ndinangopeka. Ndimafuna azakhali asafike pa mwana."

Anamusinthira mwana kubere lina.

"Anayi onse?"

"Onse."

"Wa ku Isoka uja akuti ali ndi chipsera kuseri kwa bondo. Munthu amapeka chipsera?"

"Amapeka."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mmene wapolisi wa pachipata amayang'anira mapepala oyera kwambiri.

"Ife tikatuluka tipita kwa azakhali," anatero. "Inu kakwereni thiraki yanu. Tikakufunani tikuimbirani."