Chala Changa Chilondera Madiresi a Husna

Husna, mwana wa achimwene anga, amasoka madiresi pa Ulongwe. Tsiku lina ndinamupeza atagwira tsaya, makina ali zii.

"Azakhali, andibera zithunzi."

Ndinasuzumira m'foni mwake. Zithunzi zonse zinalimo.

"Akubera bwanji poti ndi izi? Ine nkhuku yanga ikabedwa, m'khola mumatsala nthenga zokha."

Anandifotokozera kuti telala wina wa ku Balaka amatenga zithunzi za madiresi ake pa Fesibuku n'kumanena kuti wasoka ndi iye. Mayi ake a Yasmin, amene ankafuna diresi la ukwati wa mwana wawo, anali atamva kuti telalayo ndiye katswiri. Ntchito imeneyo Husna ankaiyembekezera chichokereni Ramadani.

Wakuba wosiya katundu pamalo pake ndinali ndisanamumvepo. Ndinafunsa mpaka Husna anatopa nane. Amalowera pati? Amanyamulira m'chiyani?

"Nanga osaika chizindikiro bwanji? Kuchigayo thumba langa ndimalimanga kansalu kofiira."

"Ndinalemba dzina langa m'munsi, azakhali. Anadula."

"Ndiye undijambule ine ndili pambali."

Ndinaima pafupi ndi diresi, kuseka ndi mano anga atatu otsala. Patapita masiku awiri diresi linaoneka kwa wakubayo, ine mulibe. Kundidula ine, munthu wamkulu, ngati kansanza kotsala!

Pamenepo ndinakumbukira kuti kansalu kofiira ndimamanga pakhosi penipeni pa thumba. Ndinaika dzanja pachifuwa pa diresi latsopano, pakati pa maluwa, Husna n'kujambula. Chala changa cholozera n'chopindika, musi unachiphwanya ndili mtsikana. Wofuna kudula chalacho adula ndi maluwa omwe.

Waulesi uja sanadule. Anangoika chithunzicho pa Fesibuku momwemo.

Lachisanu masana ndili posokera pa Husna, mayi a Yasmin anatsika minibasi, foni ili m'manja, kulunjika kwa ine.

"Abiti Usumani, chala ichi si chanu? Chinandiloza paukwati wa achemwali anga kuti ndapsereza mpunga. Chikutani pa diresi la telala wa ku Balaka?"

"Chikulondera, amayi. Ku Balaka sichinapiteko iyayi, diresilo lili apo pa msomali."

Anatembenuka, analigwira, anayang'ananso foni. Kenako anaseka mpaka kukhala pansi, n'kutulutsa nsalu yoyera m'chikwama.

"Husna mwanangu, Yasmin abwera mawa udzamuyeze."

Tsopano diresi likatha, Husna amandiitana. Ndamuuza kuti azindigulira mafuta odzola, chala chapantchito chisamaoneke chotuwa. Koma pamene akubawa amalowera, mpaka lero palibe wandionetsa.