Nyimbo ya Khanda pa Hena ya Shaimaa

Ndinakwera sitima pa Helwan, m'bogi la akazi okhaokha, foni ili kukhutu. Madzulo ake kunali hena ya mng'ono wanga Shaimaa, mwambo wopaka mkwatibwi utoto wa hena m'manja ukwati usanachitike, ndipo woyambitsa nyimbo pa hena amakhala mayi wa mkwatibwi. Amayi athu anatisiya zaka zinayi zapitazo. Udindo unagwera ine, amene ndinatha zaka zisanu ku yunivesite ndikuphunzira kumanga milatho. Apongozi ake a Shaimaa anali atanena kale, akumwetulira, kuti akufuna adzamve mmene a kwathu amaimbira.

Ndinali nditapeza kaseti yakale ya amayi akuimba, n'kuijambulira m'foni. Sabata yonse ndinkailoweza. Tsopano ndinkaibwereza chapansipansi.

"Wabadwa wamwamuna kapena wamkazi?" anafunsa mayi wina amene ankasadzula masamba a ndiwo za molokhiya pamiyendo pake.

"Ndani, amayi?"

"Mwanayo. Si ya khanda la masiku asanu ndi awiri ukuimbayo?"

Ndinati ayi, ndi ya hena ya mng'ono wanga.

Anasiya masamba n'kugunyuza mayi wachikulire wa magalasi amene anakhala naye. "Haja, mwamva? Akukaimba ya khanda pa hena!"

"Musiyeni, mwina akudziwa zimene ife sitikudziwa," anatero Haja. "Mwanawe, diresi likumukwana bwinobwino mkwatibwiyo?"

Bogi lonse linafa nacho chiseko. Ine m'maganizo ndinaona apongozi aja akuwerenga miyezi ndi zala.

"Ndi mawu a malemu amayi," ndinatero.

Mayi wa molokhiya uja, amene anati ndizimutcha amake Ragab, anapukuta manja n'kuika foniyo kukhutu. Anamvetsera nthawi yaitali.

"Anali ndi mawu mayi ako. Koma ukukamva kamtondo kamkuwa kakulira kumbuyoku? Apa ankatulutsa khanda. Mwinanso khandalo ndi mkwatibwi wako yemweyo." Anandibwezera foni. "Ukutsikira pati?"

"Pa Ain Shams."

"Nthawi ilipo. Mkwati ndani?"

"Medhat. Amagulitsa matayala."

"Timuimba kuti ndi mkango. Onse timawaimba choncho."

Anayambitsa akuomba m'manja. Haja anamudula pa mzere wachiwiri, ati imeneyo ndi ya anthu a ku Said, ya ku Mansoura siyenda motero. Anakangana mpaka sitima inaima kawiri, kenako anagwirizana zoimba zonse ziwiri. Mayi wogulitsa masokosi anatembenuza katoni yake n'kuisandutsa ng'oma. Amene anakwera pa siteshoni ya Sadat sanafunse n'komwe kuti akukwatiwa ndani, anangoika zikwama pansi n'kuyamba kuvomera, wina n'kuimba nthungululu pafupi ndi khutu langa.

"Tsopano iwe," anatero amake Ragab.

Ndinayambitsa. Mawu ndinali nawo onse, m'dongosolo lake. Nditamaliza, wa masokosi anayang'ana kunja pa zenera.

"Kusukulu unaphunzira chiyani, mwanawe?" anafunsa Haja.

"Milatho."

"Eya. Mulungu sapatsa munthu mmodzi zonse."

Tinayesanso katatu. Kachitatu mwana wina ali pamiyendo pa mayi ake analira.

Pa Ain Shams ndinawathokoza n'kutsika. Nditacheuka, amake Ragab anali pambuyo panga ndi thumba lake la masamba, akukoka Haja padzanja. Malo awo otsikira anali atawapitirira kalekale.

"Nditakusiya wekha ndi mawu amenewo, ndikamuyankha chiyani mayi ako tsiku lachiweruzo? Iwe uzingoyamba mzere woyamba. Zotsalazo n'zathu."

Pakhomo tinapeza apongozi aja atakhala pa mpando wabwino kwambiri m'nyumbamo. Anayang'ana alendo anga, n'kuyang'ananso thumba la molokhiya.

"Awa ndi ayani?"

"A kwa amayi," ndinatero.

Shaimaa anandiyang'ana, manja ake ali kale m'mbale ya hena, koma sanatsutse. Ndinakoka mpweya n'kuyambitsa. Ndisanafike n'komwe pa dzina la Medhat, azimayi awiri aja anali atailanda nyimboyo.