Phulusa ndi Mbale ya Maluwa

Azakhali anakankha mbale ya galu ndi phazi mpaka inamugunda pamphuno, koma Phulusa sanainunkhize n'komwe. Anangogona pakhomo la kuseri, maso ali kuchitseko cha kukhitchini, malovu akuchucha.

Chiwaikireni bambo m'manda, galuyo anali asanadye. Ankapita kukanunkhiza mipando imene bambo anasiya osamaliza mushedi yawo ya ukalipentala, kenako n'kubwerera pakhomo pomwepo. Azakhali, mlongo wawo wa malemuwo, paja sachedwa kugamula nkhani. Ati galu wochucha malovu, wokana chakudya, ndi wachiwewe basi. Aneba onse anali atauzidwa kale, ndipo wagalimoto wina anali atavomera kuti mawa lake amutengere kwa dokotala wa ziweto, akamubaye jakisoni wogoneratu.

Mwana wamkulu wa pakhomopo, mtsikana amene anamutola Phulusa akadali kagalu kakang'ono, analira n'kunena kuti galu wachiwewe sagwedeza mchira ukamuitana, ndiponso madzi akumwa bwinobwino. Azakhali anamuyankha kuti iwo sanabwere kudzaika maliro awiri.

"Mlamu, nenanipo," anatero potembenukira kwa amayi. "Mukudikira kuti alume mwana kaye?"

Amayi anangoyang'ana kumbali. Za galu analibe nazo ntchito, ndipo ankati ngakhale bambo sankamufuna: tsiku ndi tsiku kumutcha chitsiru, kumuthamangitsa pa utuchi. Chimene amayi ankauza aliyense wodzapepesa chinali chimodzi chokha. Mwamuna wawo anadwala, inde, koma ankadya bwino mpaka chakumapeto. Ankanyamula mbale yake ya maluwa, ati akukapitidwa mphepo kuseri, n'kubwera nayo ili mbee. Mawu amenewo ndiwo ankawalimbitsa mtima.

Madzulo a tsikulo, amayi anangozindikira kuti mwachizolowezi apakuliranso mpunga ndi nyemba m'mbale ya maluwa ija. Anaima nayo kanthawi. Posafuna kuti alamu awo awaone akulira, anatuluka nayo kuseri n'kukhala pasitepe.

Phulusa anadzuka. Mchira unayamba kumenya chitseko. Anabwera n'kukhala tsonga patsogolo pawo, mwaulemu ngati mlendo, n'kuika phazi limodzi pabondo lawo, maso ali pambale. Sanalande ayi. Ankadikira ngati wodziwa bwino mmene zimayendera.

Amayi anatsitsa mbale pang'onopang'ono. Galu anadya mwakachetechete, osaigwedeza ngakhale pang'ono kuti ilire pasimenti, n'kuinyambita mpaka mbee. Atatha anaikankhira ndi mphuno kumapazi awo.

Mtsikana uja anaona zonse pazenera. Anathamanga kukaitana azakhali kuti adzaone okha chiwewe chawocho chikudya nyemba.

Koma atafika, anapeza amayi atagwira galuyo m'nthiti. Ngakhale anali atasala masiku onsewo, Phulusa anali wonenepa kuposa chaka chatha. Amayi anakumbukira lamba wa bambo, mmene ankamuboolera mabowo atsopano ndi msomali, akuseka kuti zikopa za masiku ano zimatamuka.

"Sankadya, mlamu," anatero chapansipansi. "Miyezi yonse ija sankadya. Ine n'kumasangalala kuti mbale yabwera yoyera."

Azakhali anayang'ana mbale ija. Anakhala pansi pasitepe pomwepo, nsapato ina itavuka. Patapita nthawi anauza mtsikanayo, osamuyang'ana, kuti akamuuze wagalimoto uja asavutike kubwera.

Amayi anatola mbale ija n'kuifungatira pachifuwa. Dzanja linalo linapita lokha kuseri kwa khutu la galu.

"Chitsiru iwe," ananong'ona.

Phulusa anatsinzina, n'kutsamiritsa mutu m'dzanja lawo, monga ankachitira nthawi zonse akamva mawu amenewo pasitepepo.