Zitsa Ziwiri za Mlombwa

Kulusumu atatsika pa njinga yamoto anapeza anthu atagawikana kale pawiri m'mundamo, ena zikwanje zili m'manja. Iye anali woyeza malo wochokera ku boma ku Machinga, koma mlandu umene anadzera kwa Kawinga unali wa amalume ake enieni, a Hussein, ndi a Goliati oyandikana nawo munda.

Chiyambi chake aliyense ankachidziwa. Bambo awo a Goliati atafika kuthawa nkhondo ku Mozambique, zaka pafupifupi makumi anayi zapitazo, anapatsidwa malo, ndipo malire anali mtengo wa mlombwa umene akuluakulu anautema ndi nkhwangwa ngati chizindikiro. Tsono chaka chatha owotcha makala anagwetsa milombwa iwiri ya pamalopo. Panangotsala zitsa ziwiri, pakati pake mizere ya chinangwa cha a Hussein.

"Malire ndi chitsa ichi," anatero a Hussein, kuloza chimene chinali kufupi ndi nyumba ya a Goliati. "Ndiwe mbumba yanga iwe, auze."

"Iyayi!" a Goliati anakuwa. "Atiweruze mwana wa mlongo wawo?"

Kulusumu anaima pakati pawo. "Bwerani nonse awiri, tiwerengere limodzi. Mlombwa umawonjeza mzere umodzi mkati mwake dzinja lililonse."

Anagwada pa chitsa chimene amalumewo analoza, n'kucheka pamwamba, kupala ndi mpeni, kuthirapo madzi. Mizere yozungulira inaoneka bwino. Anaiwerenga mokweza, akuloza ndi msomali kuchokera ku khungwa. Anafika pakati asanakwanitse makumi awiri ndi isanu. Anabwerezanso. Chimodzimodzi.

"Amalume," anatero chapansipansi, "pamene malire ankaikidwa, mtengo uwu unali usanamere."

Kumbuyo kwake wina anamenyetsa chikwanje pamwala. Kulusumu sanacheuke. Anapita pa chitsa chinacho, nacheka. Mkati mwa thabwa lofiiralo munali chipsera chakuda cha nkhwangwa, chimene mtengo unachikwirira pokula. A Goliati anawerenga okha kuchokera ku khungwa kukafika pa chipseracho, ndipo mawu awo anathera pafupi ndi makumi anayi.

A Hussein anawerama mpaka ndevu zawo kukhudza phewa la Kulusumu.

"Mayi ako ukawauza chiyani?"

"Ndikawauza zimene mwaona nanunso, amalume."

Kulusumu anatenga chikhomo chachitsulo n'kuchikhoma pambali pa chitsa chachipseracho.

A Goliati anayang'ana zikwanje zija, kenaka chinangwa. "A Hussein, chinangwachi munalima ndinu. Mudzakumbe chikakhwima. Ine ndidzalowamo mvula ikubwerayi."

A Hussein anakodola anthu awo, nanyamuka nawo osatsanzika. Chinangwacho anadzakumbadi chitakhwima, koma Kulusumu akabwera kumudzi kudzaona mayi ake, amalumewo ankangomuyankha moni ali chipenyere kumbali.